Alendo a ku Bunda: tidzawasunga bwanji ndalama za World Bank zikatha?

Tikamva za maphunziro akunja, ambiri a ife timaganiza za mwana wathu amene akunyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kupita ku Cairo, Mbale, Pretoria kapena London. Sitiganizako za mwana wa anzathu a m'maiko ena amene akutera pa bwalo lomwelo kudzaphunzira kuno. Koma ophunzira otere alipo. Kwa zaka zingapo tsopano, achinyamata ochokera m'maiko oyandikana nafe ndi a kum'mawa kwa Africa akhala akubwera ku Bunda, sukulu ya ukachenjede ya LUANAR yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa mzinda wa Lilongwe, kudzachita digiri yachiwiri ndi ya PhD pa za nsomba.

Nkhaniyi sitiimva kawirikawiri pa wailesi, koma ikukhudza ndiwo zomwe timadya komanso ntchito ya abale athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Funso lomwe tikufuna kuunika ndi ili: kodi alendowa akubwera chifukwa dziko la Malawi lakonza malo okhazikika owalandira, kapena chifukwa pali projekiti yomwe ikuwalipirira?

Zinayamba bwanji

Bunda inali nthambi ya University of Malawi mpaka mu 2012 pamene inaima payokha n'kukhala maziko a LUANAR. Isanaime payokha, inali kale m'bungwe la RUFORUM, lomwe limagwirizanitsa sukulu za ukachenjede zophunzitsa ulimi mu Africa ndipo likulu lake lili ku Makerere, mu mzinda wa Kampala. Maganizo a bungweli ndi osavuta kumva. Dziko lililonse silingakhale ndi akatswiri a chilichonse, choncho ndi bwino kugawana ntchito: sukulu imodzi izame pa za mbewu, ina pa za nthaka, ina pa za nsomba, ndipo ophunzira aziyenderana. Pa kugawana kumeneku, za nsomba zinagwera Bunda. Mu Okutobala 2017 bungweli linachititsa msonkhano wake wapachaka ku Bingu International Convention Centre mu City Centre, ndipo atsogoleri a sukulu za ukachenjede a m'maiko ambiri anasonkhana mu Lilongwe.

Chomwe chinakuza ntchitoyi ndi projekiti ya World Bank yotchedwa ACE II, yomwe inayamba mu 2016. Inasankha malo 24 a kafukufuku m'maiko asanu ndi atatu: Ethiopia, Kenya, Malawi, Mozambique, Rwanda, Tanzania, Uganda ndi Zambia. Malo alionse amatha kulandira ndalama zofika madola 6 miliyoni. Kuno kwathu anasankha awiri, AquaFish ku LUANAR ndi ACEPHEM, yoona za umoyo ndi mankhwala a zitsamba, ku sukulu ya madokotala ku Blantyre. Pambuyo pake anaonjezera malo ena ku LUANAR, ku Mzuzu University ndi ku University of Malawi ku Zomba.

Chofunika kuchimvetsa ndi m'mene ndalamazi zimatulukira. Sizibwera zonse pakamodzi. Sukulu imalandira gawo ikaonetsa zotsatira, monga chiwerengero cha ophunzira amene yalemba, kafukufuku amene wasindikizidwa ndi maphunziro amene avomerezedwa ndi mabungwe oyesa. Chimodzi mwa zomwe amawerengera ndi ophunzira ochokera m'maiko ena. Ndiye kuti kulandira mlendo kunali ndi mphotho yake, ndipo sukulu inali ndi chifukwa chomufunafuna.

N'chifukwa chiyani tikufuna mlendo pa nkhani ya nsomba

Wina angafunse: ana athu ambiri akusowa malo m'sukulu za ukachenjede, nanga tiperekerenji malo kwa ana a eni? Funsoli ndi lomveka, koma yankho lake lili m'madzi momwemo.

Nyanja ya Malawi timagawana ndi Mozambique komanso Tanzania. Chilwa ndi Chiuta zimakhudza malire a Mozambique. Nsomba sidziwa chidindo cha pa chipata cha Mwami kapena Dedza, ndipo matenda ake sachidziwanso. Mu 2020 matenda a zilonda pa nsomba, omwe akatswiri amawatcha EUS, anapezeka koyamba m'dziko muno m'boma la Mchinji, dera lomwe mtsinje wa Bua umayambira. Matendawa anali atavutitsa kale anthu a m'mbali mwa Zambezi ndi Chobe kuyambira cha m'ma 2006. Bua amakathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yomwe mpasa amakwera kukaswana. Katswiri wa ku Zambia amene anaona matendawa zaka zambiri ife tisanawaone ali ndi zotiuza. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Chitsanzo china ndi mkangano wa mtundu wa nsomba zoweta. Malamulo athu salola kuweta nsomba zachilendo monga Nile tilapia m'dera la nyanja, poopa kuti zingasakanizike ndi chambo n'kuchithetsa. Alimi athu amaweta makumba, chilunguni ndi chambo, ndipo ambiri amadandaula kuti nsombazi zimachedwa kukula. Tsidya la malire zinthu n'zosiyana. Ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, makampani akuluakulu amaweta Nile tilapia m'makola a m'madzi, ndipo akafukufuku anaipezanso m'madzi a mbali ya Tanzania omwe ali m'dera la nyanja yathu. Lamulo la dziko limodzi silingateteze nyanja ya maiko atatu. Nkhani yotere imafuna kuti wophunzira wa ku Karonga, wa ku Kyela ndi wa ku Metangula akhale m'kalasi imodzi, ayeze madzi amodzi, akangane pa zomwe apeza. Pakapita zaka, anthu omwewa ndi amene adzakhale m'maofesi a za nsomba m'maiko awo, ndipo adzatha kuimbirana foni ngati anthu odziwana.

Tisaiwale kuti nthawi sili kumbali yathu. Chambo chinatha mphamvu ku nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ina ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pa chiopsezo chachikulu chotheratu. Lero nsomba yomwe imagwidwa kwambiri ndi usipa. Mayi aliyense wogula ndiwo ku msika waukulu wa Lilongwe akudziwa kuti chambo chasanduka ndiwo ya alendo olemekezeka.

Pamene pagona vuto

Projekiti iliyonse ili ndi tsiku lake lotha. Ikatha, malipiro a ophunzira akunja, ndalama za kafukufuku ndi matikiti a ndege a aphunzitsi oyendera sukulu zina zimathera pomwepo, pokhapokha wina atanyamula katunduyo. Tinaonapo m'dziko muno nyumba zokongola zomwe zinamangidwa ndi projekiti, kenako n'kusanduka mosungira mipando yothyoka.

Vuto lachiwiri ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mankhwala a mu labotale, zipangizo zoyezera madzi ndi malipiro osindikizira kafukufuku zimagulidwa ndi madola. Komabe apa pali mwayi womwe sitiuyang'ana. Wophunzira wakunja amene akulipira yekha kapena kulipiriridwa ndi boma lake amabweretsa ndalama zakunja. Amalipira nyumba, amagula chakudya ku Mitundu, amakwera minibasi. Maphunziro ndi katundu amene tingagulitse kunja monga m'mene timagulitsira fodya ndi tiyi.

Chachitatu ndi malamulo. Mu 1997 atsogoleri a maiko a SADC anasainira ku Blantyre pangano la maphunziro. Mwa zina, anagwirizana zolimbikitsa sukulu za ukachenjede kusunga malo osachepera 5 peresenti a ophunzira ochokera m'maiko ena a SADC, komanso kuti pakapita nthawi ophunzirawo azilipira mofanana ndi eni dziko. Panganoli linasainidwa kwathu konkuno, choncho ndife oyenera kutsogola polikwaniritsa. Koma tidziwenso kuti Uganda, Kenya, Rwanda ndi Ethiopia sali mu SADC. Ophunzira awo amafuna mgwirizano wina wa sukulu ndi sukulu, kapena wa boma ndi boma.

Nkhani ya malamuloyi imatikhudza mbali zonse ziwiri. Mabanja ambiri achisilamu ali ndi ana amene anaphunzira ku Al-Azhar, ku Islamic University in Uganda kapena ku International University of Africa ku Khartoum. Nkhondo itabuka ku Sudan pa 15 Epulo 2023, ophunzira a m'maiko ambiri a mu Africa anasiya maphunziro panjira. Wophunzira wotere akabwerera kwawo, funso loyamba limakhala lakuti kodi zaka zomwe anaphunzirazo ziwerengedwa? Kuno kwathu bungwe la NCHE, lomwe lili mu Lilongwe, ndi limene limaunika mapepala a sukulu zakunja. Tikamafuna kuti ana athu alandiridwe bwino kwa eni ndipo mapepala awo avomerezedwe msanga, nafenso tiyenera kufewetsa njira ya mlendo: chilolezo chake chokhalira m'dziko chituluke nthawi yake, malo ogona akhalepo, digiri yake ikhale yodziwika akabwerera kwawo.

Zokambirana zisathere mu City Centre

Pali chinthu china chomwe akatswiri athu ayenera kuchimva mosakhumudwa. Misonkhano yambiri ya kafukufuku imachitikira m'mahotela a mu City Centre, m'Chingerezi, pamaso pa anthu amene akudziwa kale nkhaniyo. Msodzi wa ku Makanjira, mayi woyanika usipa ku Senga Bay ndi mlimi wa damu limodzi ku Mchinji samva chomwe chakambidwa. Komatu mafunso enieni ali ndi iwowo. Ana a nsomba abwino agule kuti? Chakudya cha nsomba angapange bwanji ndi gaga ndi soya zomwe ali nazo? Nsomba ikatuluka zilonda auze ndani?

Malo a kafukufuku amene asodzi ndi alimi akuwadziwa savuta kuwateteza bajeti ikamakambidwa ku Nyumba ya Malamulo, chifukwa phungu amadziwa kuti anthu ake akupindula nawo. Malo odziwika kwa opereka thandizo okha amafa mwakachetechete. Choncho zotsatira za kafukufuku zimasuliridwe m'Chichewa, Chiyao ndi Chitonga, zimveke pa wailesi za m'madera, zifike ku makomiti a m'madoko. Wophunzira wakunja asabwerere kwawo atangoona Bunda ndi City Centre, asanakhale pansi ndi asodzi pa mchenga.

Zoyenera kuchitika

Boma, kudzera ku Capital Hill, liike ndalama zapadera mu bajeti zothandizira malo a kafukufukuwa, ngakhale zochepa, koma zobwera chaka ndi chaka. Sukulu zipange mgwirizano wosinthana ophunzira mutu kwa mutu ndi sukulu za ku Lusaka, Morogoro ndi Lichinga, kuti mwana wathu akapite uko pamene wa kumeneko akubwera kuno, popanda kusaka madola ambiri. Makampani oweta ndi kugulitsa nsomba alipirireko kafukufuku amene akuwapindulira. Mabungwe omwe amalipirira ana sukulu, kuphatikizapo athu, aganizirenso maphunziro a nsomba ndi ulimi, chifukwa ana ambiri amene timawathandiza ndi ochokera m'mbali mwa nyanja momwemo.

Ndipo inu makolo ndi achinyamata, mukamva za mwayi wa maphunziro apamwamba, musayang'ane kunja kokha. Anthu ena akukwera ndege kudzafuna zomwe zili pamtunda wa ola limodzi kuchokera pa depoti ya Lilongwe. Pitani mukafunse za maphunzirowa, lemberani malo, ndipo phungu wanu akabwera kudera, mufunseni kuti bajeti ya chaka chino yaika zingati pa kafukufuku wa nsomba.