Esiteti si ya tiyi yokha, aphunzitsi anzanga

Sabata yatha ndinalemba mawu akuti estate pa bolodi mu Fomu 3 n'kufunsa tanthauzo lake. Manja onse m'mwamba. "Munda wa tiyi, aphunzitsi!" Sanalakwe ayi. Mwana wa kuno ku Thyolo wakula akuona Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makandi. Akamva estate amaona mizere ya tiyi, dengu kumsana, kapitawo ali pa sikelo. Satemwa inayamba mu 1923, ndiye mawuwa tinawalandira kalekale mpaka anasanduka athu, esiteti. Koma nditafunsa tanthauzo lina, kalasi yonse inangoti zii.

Mlandu umenewu ndi wathu aphunzitsife. Timalemba mawu a Chingerezi kumanzere, tanthauzo limodzi kumanja, ana akopera, aloweza, basi tathana nazo. Ukafunsa chifukwa, yankho ndi lomwe lija: silabasi ndi yaitali, MSCE yayandikira, dikishonale ndi imodzi sukulu yonse. Ndikudziwa, inenso ndimapuma fumbi la choko lomwelo. Koma tamvani izi.

Bambo wina wothyola tiyi atamwalira, abale ake anabwera maliro asanazizire n'komwe. Anatenga njinga, mbuzi, wailesi, mpaka malata amene anagula kuti adzafolere nyumba. Munthu wachifundo anapatsa mayi wamasiyeyo kapepala kofotokoza za deceased estates. Mayiyo sadziwa Chingerezi, choncho anapatsa mwana wake wamwamuna, wa satifiketi ya Fomu 4 yabwinobwino. Mnyamatayo anawerenga mutu wokha n'kunena kuti, "Amayi, izi ndi za anthu olemera. Bambo analibe esiteti, ankangogwirako ntchito." Kapepala kaja anayatsira moto. Mnyamata ameneyo Chingerezi ndinamuphunzitsa ndine, zaka ziwiri zathunthu.

M'malamulo, estate ndi chilichonse chimene munthu wasiya pomwalira, kaya ndi nkhuku zitatu, kaya ndalama za kubanki, ngakhale ngongole. Ndi chuma cha masiye chimene tonse timachidziwa. Lamulo la mu 2011 lokhudza Deceased Estates, limene linalowa m'malo mwa Wills and Inheritance Act ya mu 1967, limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo linalipo, kapepala kanali m'manja, chinasowa ndi tanthauzo lachiwiri la mawu amodzi.

Matanthauzo enawo sabisika. Estate agent wa ku Blantyre sagulitsa tiyi, amagulitsa ndi kubwereketsa nyumba. Housing estate ndi nyumba zambiri zomangidwa pamodzi mofanana. Ku Britain estate ndi galimoto yaitali kumbuyo. Atolankhani amatchedwa Fourth Estate, ndipo anzathu a History amadziwa za Third Estate, anthu wamba a ku France amene anaukira mfumu mu 1789. Onsewa ndi a mtundu umodzi ndi state komanso status, kutanthauza mmene munthu alili ndi zimene ali nazo. Mwana akagwira muzu umenewu, nthambi zinazo sizimuvuta.

Wina anandiuza mu staff room kuti ndikutaya nthawi, mayeso safunsa zimenezo. Ayi ndithu, amafunsa. Ndime ya comprehension imafuna tanthauzo la mawu monga mmene agwirira ntchito pamenepo, osati limene mwana analoweza. Ndipo ngakhale akadapanda kufunsa, kodi ana athuwa moyo wawo umathera mu holo ya mayeso? Inu amene munadutsa m'manja mwanga, tandiuzani zoona: ndi makalata angati a ntchito, a ngongole, a malo amene mwasaina mukungoganizira?

Ine ndayamba chonchi: mphindi 10 Lolemba lililonse, mawu amodzi, ziganizo zitatu zodula m'nyuzipepala zakale, ana apeze okha kusiyana kwake. Lolemba likubwerali ndikulemba labour. Ndikudziwa kale kuti anena za ntchito ya makolo awo kuesiteti, ena akumbuka tchuthi cha pa 1 May. Ndikufuna ndione ndani akumbuke chikwangwani cha kuchipinda chochilira amayi kuchipatala.