ZA M'BANJA: Agogo Akagwa pa Njira ya ku Chitsime



Mvula yafika, ndipo pamodzi ndi madzi amene tinawapempha kwa Mulungu kwabweranso matope pabwalo ndi ndere pa miyala ya ku chitsime. Tsono mwezi uno tifuna kunena za kugwa. Mwana akaterereka alira pang'ono nadzuka. Koma nkhalamba ikagwa, fupa likhoza kuthyoka, pakuti mafupa afooka ndi zaka, makamaka a amayi. Mu 2021 bungwe la WHO, loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse, linanena kuti anthu ngati 684,000 amafa chaka ndi chaka chifukwa cha kugwa, ndipo ofa kwambiri ndiwo opitirira zaka 60.

Agogo akagwa nalephera kuimirira, musawakoke. Penyani miyendo yawo. Mukaona kuti umodzi wafupika ndipo phazi lagonera kunja, dziwani kuti fupa la ntchafu lathyoka pafupi ndi chiuno. Pamenepo kuthowa ndi madzi otentha sikuthandiza, ndipo mphini zingoonjeza chilonda. Agonekeni pa chitseko kapena pa machira, muwafunde, nimupite nawo ku chipatala tsiku lomwelo. Wokalamba wogona pamphasa masabata ambiri agwidwa ndi chibayo ndi zilonda za pamsana, ndipo izo ndizo zimupha. Amene anamenyetsa mutu muzimuyang'anira ngakhale wadzuka bwino; akayamba kusanza, kusinza kapena kusokoneza mau, ngakhale patapita masiku, fulumirani naye.

Ku chipatala adzakufunsani kuti, anagwa bwanji? Ambiri ayankha kuti, "Angogwa." Yankho limenelo lichepa, ndipo tikuuzeni chifukwa chake.

Pali buku lalikulu limene madokotala a maiko ambiri alembera nalo matenda, ndipo nthenda iri yonse iri ndi chilembo ndi nambala yake. Linachokera pa mndandanda wa zifukwa za imfa umene Jacques Bertillon wa ku France anaukonza mu 1893. M'buku lachikhumi, lotchedwa ICD-10, limene a WHO analivomereza mu 1990, munthu wakugwa alembedwa kawiri: poyamba chimene chavulala, pambuyo pake chimene chinamgwetsa. Fupa la ntchafu lothyoka ndi S72. Kuterereka kapena kupunthwa pamalo osakwera ndi W01. Kugwa pa masitepe ndi W10. Kugwa mumtengo, kumene anyamata athu akudziwa bwino pa nyengo ya mango, ndi W14. Koma pakasoweka wonena bwino, alemba W19, ndiko kuti kugwa kosadziwika. Buku latsopano, ICD-11, linayamba kugwira ntchito mu 2022 ndi manambala ena, koma funso silinasinthe.

Mwina mudzati, zimenezi nza alembi, ife zitikhudza bwanji? Zitikhudzadi. Agogo amene anaponda ndere afuna kuti fupa lawo lilumikizidwe, basi. Koma amene anayamba kumva chizungulire, maso nachita mdima, ndipo anapezeka ali pansi osadziwa m'mene anagwera, ali ndi nthenda ina, kapena ya mtima, ya shuga kapena ya kuthamanga kwa magazi. Ndipo dokotala akapanda kuuzidwa, adzamanga chikhakha, nthendayo niitsala, agogo nadzagwanso. Kulinso, tinene ndi manyazi, mayi amene anakankhidwa ndi mwamuna woledzera, nauza adokotala kuti anaterereka kubafa. Bodza lotere libisa tchimo, ndipo limbwezera mayiyo ku nyumba komwe adzavulazidwanso.

Chifukwa chake amene anaona kugwako apite nawo limodzi. Anene nthawi yake, malo ake, ngati wodwala anakomoka, ndi mbali imene anagwera. Mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a zitsamba, pakuti ena mwa iwo achititsa chizungulire. Ndipo amene atsala kumudzi akapale ndere ija ndi khasu, nathire mchenga pakhomo pa bafa, agogo asanabwerere.