Mdzukulu wa Livingstone Amene Anakana Sukulu



Caka ndi caka pa 15 January timakumbukira John Chilembwe, ndipo ana athu a sukulu ku Machinjiri, ku Bangwe ndi ku Ndirande adziwa kuti Mzungu amene anadulidwa mutu ku Magomero pa 23 January 1915 anali William Jervis Livingstone. Koma mukawafunsa kuti mwini munda anali yani, angoyang'anana. Ife tikuti dzina la mwini munda ndilo loyenera kudziwika koposa, pakuti Livingstone uja anali wolembedwa nchito cabe.

Mwini wace anali Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu weni weni wa Dr. David Livingstone, wobadwa mwa mwana wace Agnes. Atate wace, Alexander Low Bruce, anali wofulula mowa ku Edinburgh, ndiponso mmodzi wa akuru a kampani ya Mandala. Iwo anapata maekala 169,000 ku Magomero, namwalira m'caka ca 1893. Mwanayo anafika kuno m'caka ca 1908 kudzayang'anira cuma cimeneci.

Cumaco cinali thonje, pambuyo pace fodya, ndipo olima ace ambiri anali Alomwe ocokera ku dziko la Apwitikizi, makolo a ena a ife. Pangano linali lakuti mwezi umodzi wa thangata ulipire malo, mwezi wina ulipire msonkho wa nyumba. Koma mwezi wa ku Magomero sanali kuuwerenga poyang'ana kumwamba iai. Anali kuuwerenga pa tikiti, ndipo munthu akalephera kutsiriza ndime yace, kapitao sanali kulemba tsikulo. Motero miyezi iwiri inali kutalika kufikira kudya dzinja lonse, munda wa munthuyo ulikumera udzu.

Ife aphunzitsi cimene citiwawa koposa ndi ici: Bruce analamula kuti pa dziko lace pasakhale sukulu kapena nyumba ya mapemphero. Iye anali kukhulupirira kuti munthu wakuda wophunzira alibe malo m'dziko lino. Nyumba za udzu zimene anthu a Chilembwe a ku Mbombwe anamanga kuti azipempheramo zinatenthedwa. Taganizani, abale! Mzinda wathu wa Blantyre unalandira dzina la mudzi wobadwira agogo ace, amene anaitana amishoni kuti adze kuno, ndipo mdzukulu alikuopa mwana wogwira sileti.

Alipo ena onena kuti kampaniyo inali kupatsa anchito ace mankhwala aulere. Inde, nzoona. Koma ngakhale mwini ngolo amathira mankhwala pa bala la ng'ombe yace, kuti mawa ikoke.

Tsono cinampatsa mphamvu yotere nciani? Munthu ameneyu anali ndi mpando m'Bwalo la Malamulo ku Zomba. Bwalolo linakhazikitsidwa m'caka ca 1907, ndipo okhalamo anali Azungu okha okha, osankhidwa ndi Bwanamkubwa. Munthu wakuda anayamba kulowamo m'caka ca 1949, pamene a Mposa ndi a Muwamba anapatsidwa mipando. Zaka zonse za pakatipo, munthu wa thangata akafuna kudandaula, mlandu wace unali kukathera kwa anzace a mwini munda, amene anali kudya naye pa gome limodzi. Nkhondo ya Chilembwe itatha, Bruce sanaime m'Bwalomo kufunsa cimene cinapsetsa anthu mtima. Iye anaima kupempha kuti sukulu zoyendetsedwa ndi aphunzitsi akuda zitsekedwe. Mwai wace pempho limeneli silinatheke.

Boma linaika akuru ofufuza cifukwa ca nkhondoyo, ndipo iwo anabvomera kuti anthu a ku Magomero anali kuzunzidwa. Koma katundu wamkuru anamsenzetsa Livingstone, amene anali kale m'manda ndipo sakanatha kuyankha. Wopereka malamulo anatsala ndi munda wace wonse. Nafenso pophunzitsa mbiri imeneyi tikamachula wakufa yekhayo, tirikutsata mapazi a ofufuza aja.

M'zaka za pambuyo pa 1920 anthu a ku Magomero anayamba kulima fodya wocizidwa ndi moto, koma wogula anali mwini dziko yemweyo, ndi mtengo wonena iye. Lamulo la 1928 linalola kuti munthu alipire malo ndi ndalama, kapena nchito, kapena mbeu zogulitsa kwa mwini munda. Linalolanso eni minda kupitikitsa gawo la anthu ao pakatha zaka 5 ziri zonse. Njala ya 1949 itapita, Boma linagula gawo lalikuru la Magomero m'caka ca 1952, ndipo kampaniyo inalandira ndalama. Olima aja sanalandire kanthu pa masiku amene kapitao sanalembe.

Bruce anamwalira m'caka ca 1954. Thangata linathetsedwa ndi lamulo la 1962, iye atagona m'manda zaka 8.