Wa stall si wamantha, inu ndi amene simunamalize kumanga timu

Pa magemu onse omwe timasewera pa foni, palibe munthu amene amatukwanidwa mwaulere ngati amene wabweretsa timu ya stall pa Pokémon Showdown. Nkhondo isanayambe n'komwe, mdani akangoona Blissey, Dondozo, Toxapex ndi Clodsire atandandalikana pa team preview, chati imayamba kununkha. Wamantha iwe. Ulibe zochita. Kapeze ntchito. Ena salemba n'komwe, amangodina forfeit n'kuthawa. M'magulu a WhatsApp ndi Discord nyimbo ndi yomweyo: stall si kusewera, ndi kuchedwetsa anthu, a Smogon angoiletsa basi.

Ine ndikukana, ndipo ndikana mpaka batire ithe.

Kwa amene simunalowemo: Showdown ndi tsamba laulere lomwe linayamba mu 2011. Umamanga timu ya ma Pokémon 6, aliyense ndi ma move 4, ability imodzi ndi item imodzi, kenako n'kumenyana ndi munthu wina pa intaneti, aliyense kusankha chochita pa turn iliyonse. Malamulo ambiri ndi a Smogon, gulu la osewera lomwe lakhalapo kuyambira 2004, ndipo bwalo lalikulu limatchedwa OU. Stall ndi timu yomwe sithamangira kupha. Imalandira nkhonya, n'kudzichiritsa, n'kumakudya pang'onopang'ono ndi poizoni, miyala ndi minga, mpaka uzindikire kuti ma Pokémon ako atha koma sunamenyedwe mwamphamvu ngakhale kamodzi.

Amene amati izi n'zophweka sanamangepo timu yotere. Wa hyper offense, timu yongoukira, funso lake ndi limodzi: ndipha bwanji? Amasankha zilombo zisanu zothamanga, wina woika miyala poyamba, ndipo akaluza atatu sadandaula bola wachinayi asese bwalo. Wa stall funso lake ndi lakuti: pa zilombo zonse zomwe zingabwere, ndani adzalandire nkhonya ya chilichonse, kawiri, katatu, kakhumi? Ma Pokémon tsopano adutsa 1,000, mitundu yake ndi 18, koma mipando ikadali 6. Mpando uliwonse uyenera kuyankha adani khumi kapena kuposa, ndipo mmodzi akangofa, khoma lonse latseguka. Pa stall palibe wa spare.

Taonani awiri akale aja, Skarmory ndi Blissey, omwe osewera anawapatsa dzina limodzi loti SkarmBliss ngati banja. Blissey ali ndi HP ya 255 ndi Special Defense ya 135, moti moto, madzi ndi mphezi zimangomugwera ngati mvula ya mawawa. Koma Defense yake ndi 10. Teni! Nkhonya imodzi ya Close Combat, maliro. Skarmory Defense yake ndi 140, ndi mbalame yachitsulo, Earthquake simukhudza n'komwe, koma Thunderbolt kapena Flamethrower imamuwotcha ngati ngumbi. Aliyense payekha ndi wolumala. Pamodzi amabisana mabala, koma pokhapokha wosewerayo alowetse woyenera pa turn yoyenera. Akaganiza molakwika kamodzi, n'kulowetsa Blissey pomwe mdani wadina move ya physical, gemu yomwe wailima kwa ma turn 60 yapita. Ameneyo ndiye mukumutcha wamantha, munthu amene ayenera kulondola kambirimbiri pomwe inu mukungofunika kulondola kamodzi.

Ndipo masamu ake ndi okoma, kwa amene amakonda kuwerengera. Toxic imadya 1/16 ya HP pa turn yoyamba, 2/16 yachiwiri, 3/16 yachitatu, n'kumakwera choncho. Pofika turn yachisanu 15/16 yapita, yachisanu ndi chimodzi ndi manda. Ukatulutsa Pokémon wako, kuwerenga kumabwerera pa 1/16, ndiye poizoniyo ntchito yake yeniyeni ndi kukukakamiza kusintha. Ukasintha, wolowayo aponda Stealth Rock, yomwe inabwera ndi Diamond ndi Pearl mu 2006. Imachotsa 1/8 kwa wamba, koma kwa Charizard theka lathunthu. Onjezani Spikes zitatu, zomwe zimachotsa 1/4 kwa aliyense woyenda pansi. Pamodzi ndi 3/8 nthawi iliyonse wina akalowa. Wa stall samakupha ndi dzanja lake. Amakuika pamalo poti kukhala kukupweteka, kuchoka kukupwetekanso, kenako amakusiya usankhe wekha.

Koma masamu omwewo amamudyanso iye, ndipo apa ndi pomwe odandaula samafuna kuyang'ana. Toxapex ali ndi Regenerator, amabweza 1/3 ya HP akatuluka. Anthu amalira ndi zimenezi ngati ufiti. Koma 1/3 ndi yochepa kuposa 3/8. Muikireni miyala ndi minga yanu, mumuchotse Heavy-Duty Boots ndi Knock Off, muona kuti nthawi iliyonse akalowa akutaya zambiri kuposa zomwe anabweza. Nsapato zimenezi, zomwe zinabwera ndi Sword ndi Shield mu 2019, ndizo zimasunga matimu ambiri a stall masiku ano, ndipo move imodzi yokha imazivula. Ndiye munthu amene pa timu yake yonse palibe Knock Off, palibe Spikes, palibe Taunt, akudandaula chiyani kwenikweni?

Palinso mwayi. Critical hit imabwera kamodzi pa 24, imachulukitsa nkhonya ndi 1.5, ndipo siwerengera Defense yomwe mwakweza. Pa gemu ya ma turn 15 mwina simuiona. Koma amene ntchito yake ndi kumenyedwa, akalandira nkhonya 17 zokha, mwayi woti imodzi ikhale crit wadutsa kale theka. Akalandira 50, wayandikira 90 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti wa stall amasewera akudziwa kuti tsoka likubwera ndithu, ndipo ayenera kusunga HP yokwanira kulilandira. Wothamanga amathawa tsoka pomaliza msanga. Wa chitetezo amalipangira bajeti.

Tsopano tiyeni tikambe za amene akuphwanyadi gemuyi. Scarlet ndi Violet zitatuluka mu November 2022, a Game Freak anadula miyendo ya chitetezo poyera. Recover, Roost, Soft-Boiled ndi Slack Off, ma move obweza theka la HP, PP yawo inatsika kuchoka pa 16 kufika pa 8. Toxapex analandidwa Scald ndi Knock Off. Kenako anabweretsa Terastallization, yomwe imalola Pokémon mmodzi kusintha mtundu pakati pa nkhondo, moti khoma lomwe unamangira Kingambit wachitsulo limapezeka likuyang'anizana ndi Kingambit wouluka. Kingambit yemweyo ali ndi Supreme Overlord, mphamvu yake imakwera ndi 10 pa 100 iliyonse pa mnzake aliyense amene wafa, mpaka 50. Ndiye kuti gemu ikukupatsa mphoto chifukwa chotaya ma Pokémon ako asanu. Anabweretsanso Gholdengo, amene ability yake ya Good as Gold imatseka Defog, mtundu wake wa Ghost umatseka Rapid Spin, ndipo wa Steel umatseka Mortal Spin. Pokémon mmodzi kutseka njira zitatu zosesera miyala.

Nanga amene analetsedwa mu OU miyezi yoyamba ija anali ndani? Flutter Mane, Houndstone, Palafin, Iron Bundle, Chi-Yu, Annihilape, Chien-Pao, Espathra. Werenganinso mayinawo, mundionetse khoma limodzi. Onsewo ndi akupha. Koma pa chati amene amatukwanidwa ndi mwana wa eni ake amene wabweretsa Dondozo, nsomba yaikulu ya Unaware yomwe tchimo lake ndi kusawerengera Swords Dance yanu. Mwadina Swords Dance kawiri, mukudzimva ngati mfumu, Dondozo walowa n'kukuyang'anani ngati simunachite kanthu. Zimawawa, ndikudziwa. Koma popanda zilombo zotere, gemu iliyonse ikanakhala mpikisano woti ndani wayamba kukweza mphamvu, kenako n'kuponya khobidi m'mwamba pa Speed. Amene akufuna zimenezo akasewere njuga, imalipira ndalama.

Sindikunena kuti stall sinachimwepo. Inachimwa, ndipo inalangidwa. Nthawi ya ORAS, Mega Sableye ndi Magic Bounce yake ankabweza Stealth Rock, Taunt ndi Toxic kwa mwini wake, moti njira zambiri zophwanyira khoma zinkafera pakhomo. Analetsedwa mu 2016. Chaka chotsatira, mu Sun ndi Moon, Arena Trap ya Dugtrio inachotsedwa, chifukwa matimu a stall ankamugwiritsa ntchito kutsekera ndi kupha Pokémon yekhayo amene mdani anabweretsa kudzaphwanya khoma, monga Heatran. Apo panalibe chilungamo: munthu wachita homuweki yake, wabweretsa nyundo, iwe n'kumulanda nyundoyo popanda iye kutha kuthawa. Ziletso zimenezo ndimaziombera m'manja. Koma taonani chomwe chinaletsedwa. Anachotsa zinthu zomwe zinkatseka yankho, osati chitetezo chenichenicho. Pempho la lero loti stall yonse ichoke ndi la anthu omwe yankho lilipo koma safuna kulinyamula.

Dandaulo limodzi lokha ndi limene ndimalimva m'mtima, ndipo ndi la nthawi. Gemu ya stall ingatenge ma turn 100, 200, ndipo awiri a stall akakumana zimafika poti a Showdown anachita kuika malire pa turn 1,000, kuti ikafika apo ingothera chimodzimodzi. Kwa ife amene timasewera ndi foni ya batire yotopa, magetsi atazima kuyambira m'mawa, netiweki ikubwera n'kupita ngati mlendo wa ngongole, ola limodzi pa gemu imodzi si nkhani yocheza. Munthu umafuna magemu asanu pa ulendo wa minibasi, osati imodzi. Chabwino. Koma dandaulo limeneli ndi la magetsi ndi netiweki, mdani wanu sanazimitse ndi iye. Batani la timer lili pomwepo, lidineni. Ndipo gemu imatalika choncho makamaka pamene timu yanu ilibe choboolera. Ndi nyundo yoyenera, stall imagwa msanga kuposa mmene mukuganizira.

A mpira nkhani imeneyi amaidziwa. Mu 2010 Inter ya Mourinho inapita ku Camp Nou, inatsala ndi anthu khumi, inapaka basi, inaluza 1-0 koma n'kudutsa 3-2 pa magemu onse awiri. Mpaka lero alipo amene amati si mpira umenewo. Koma aliyense amene anayesapo kutchinga kwa mphindi khumi zokha pa bwalo la fumbi amadziwa mmene zimatopetsera m'mutu.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti odana ndi chitetezo omwewa amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osazindikira. Landorus-Therian amene wakhala pa matimu osawerengeka kwa zaka zambiri, anthu amamukonda chifukwa cha Intimidate, kusakhudzidwa ndi Ground ndi Electric, ndi U-turn yotulukira bwinobwino. Ndi khoma lovala jekete la msilikali. Ku VGC, mpikisano wa kampani yeniyeni komwe amamenyana awiriawiri ndipo wotchi silola stall yeniyeni, Incineroar amalamulira ndi Intimidate, Fake Out ndi Parting Shot, zonsezo zida zochepetsera nkhonya za mdani. Ndipo gemu yomwe anthu amaikumbukira kwambiri m'mbiri ya mpikisanowu ndi fainolo ya 2014 ku Washington, D.C., pomwe Se Jun Park wa ku South Korea anawina ndi Pachirisu, kagologolo komwe aliyense ankakaona ngati chidole. Ntchito yake inali kudina Follow Me, kukokera nkhonya zonse kwa iko, kudya Sitrus Berry n'kukhalabe moyo kuti Garchomp ndi Gyarados agwire ntchito mwamtendere. Dziko lonse linaimirira kukaombera m'manja. Anthu omwewo mawa lake akutukwana Blissey chifukwa chochita ntchito yofanana, kungoti iye ndi wonenepa ndipo sachita manyazi.

Ndiye mukamamanga timu yotsatira, musanadzaze mipando yonse ndi zothamanga, dzifunseni kuti ndani pano angaboole khoma. Njira zilipo zambiri moti kudandaula ndi ulesi chabe. Heatran wa Magma Storm ndi Taunt amatsekera Blissey m'bwalo n'kumuletsa kudzichiritsa. Trick yochokera kwa wonyamula Choice Scarf imasandutsa khoma kukhala chipilala chodina move imodzi. Psyshock ndi move ya special koma imamenya Defense, ija ya 10 ija. Garganacl ndi Salt Cure amaseweretsa a Water ndi a Steel gemu yawo yomwe. Ursaluna wa Guts atapsa ndi Flame Orb amamenya Facade ya mphamvu 140, ndipo ochepa kwambiri angailandire kawiri. Ngakhale kungowerenga PP kumathandiza: Recover ndi 8 yokha tsopano, mukakamizeni aidine kasanu ndi katatu, kachisanu ndi chinayi alibe.

Zonsezi zimafuna mpando umodzi, nthawi zina move imodzi yokha. Sweeper wanu wachisanu uja, amene amangolowa gemu itatha kale, mutsitseni, mukwezepo Ursaluna. Ine ndidzakhala pa ladder usiku uno ndi Dondozo wanga, timer nditaidina ndekha.