Dandaulo la alenje a ku Livingstone ndi lomveka

Chilimwe chikafika pachimake, madzi ataphwa m'tchire, njovu za ku Livingstone sizifunsa njira. Zimawoloka Zambezi, zimadutsa msewu wopita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, n'kulowa m'makomboni monga Linda, Libuyu, Dambwa ndi Nakatindi kukathyola mitengo ya zipatso ndi kusesa ndiwo za m'madimba. Alendo ochokera kunja amaimitsa galimoto n'kumajambula. Mayi wolawirira kumsika wa Maramba amabwerera kunyumba ndi dengu lake. Ndipo pafupifupi chaka chilichonse mzindawu umaika maliro a munthu wopondedwa ndi njovu.

Mu mzinda wotere, nkhani ya mfuti imakambidwa ndi anthu atatu osiyana matumba. Woyamba ndi mlenje wa ntchito, wa chiphaso cha boma, amene amaperekeza azungu olipira madola kukasaka njati ku Mulobezi kapena ku Sichifulo, kum'mwera kwa paki ya Kafue. Wachiwiri ndi nzika wamba, mphunzitsi wopuma ntchito kapena mlimi wa ku Zimba ndi Kalomo, amene amatsekera mfuti yake m'bokosi lachitsulo chaka chonse kudikira miyezi yakumapeto kwa chaka pamene nzika zimaloledwa kusaka. Wachitatu ndi wa kumudzi, mwini mfuti ya gogodera yosiyiridwa ndi agogo ake, amene lamulo limamudziwa ndi dzina limodzi lokha: wopha nyama mozembera.

Atatuwa saonana ndi diso labwino. Wa ntchito amati wa kumudzi watha nyama ndi makhwekhwe a waya. Wa kumudzi amati mzungu amapha mkango kuti akakolowekere mutu pakhoma, pomwe iye amapha nguluwe kuti ana adye. Wa m'tauni amati nyama zoikidwira nzika n'zochepa, ndipo zimagwera okhawo odziwana ndi akuluakulu. Koma pa mfundo imodzi onse amalankhula chimodzimodzi: malamulo a mfuti ndi a nyama amapangidwa kutali, ndi anthu amene munda wawo sunadyedwepo. Ife tikuti dandauloli ndi lomveka, ngakhale si zonse zimene alenje amapempha zomwe tingazivomere.

Tiyambe ndi zimene lamulo likunena. Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a Zambia, ndi lamulo la m'chaka cha 1969. Wofuna mfuti ayenera kukhala wa zaka 21, apite kupolisi, afufuzidwe mbiri yake, mfutiyo ilembedwe m'kaundula wa dziko, ndipo alipire laisensi yomwe imatha n'kufuna kukonzedwanso. Zipolopolo amagula kwa wamalonda wovomerezeka basi. Akamaliza zonsezi amakhala ali ndi mfuti chabe, nyama alibe. Chilolezo chosakira chimachokera ku nthambi ina, ya DNPW, yomwe anthu ambiri akuitchabe ZAWA ngakhale dzinalo linatha ndi lamulo la nyama zakutchire la 2015. Kumeneko nyama iliyonse ili ndi mtengo wake, malo osakira amatchulidwa pachiphaso, ndipo mlenje amalowa m'tchire limodzi ndi msilikali wa zanyama. Muonjezerepo galimoto yolimba, mafuta a ulendo wautali ndi mchere wofutsira nyama, mupeza kuti mlimi wa kwa Musokotwane kapena kwa Sekute wagonja asanafike n'komwe pakhomo la ofesi.

Phata la mkangano lili m'ndime zoyambirira za lamulo la 2015 lomwelo: nyama iliyonse yakutchire m'dziko ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Kwa loya, mawuwa ndi oteteza chuma cha mtundu. Kwa munthu wa kumudzi amatanthauza kuti njovu ndi ya boma ikakhala yamoyo, ndi ya boma ikafa, koma ikagwetsa nkhokwe, tsokalo ndi lake yekha.

Sizinali choncho kale. Achikunda a ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, anatchuka ndi kusaka njovu ndi mfuti za wonga. Pakati pa Abisa a m'chigwa cha Luangwa, katswiri wosaka ankatchedwa chibinda, ndipo anali ndi miyambo, zoletsa ndi ophunzira ake, monga analembera Stuart Marks, yemwe anayamba kukhala pakati pawo ku Munyamadzi m'zaka za m'ma 1960. M'madera ambiri mnyanga umene wagunda pansi njovu ikagwa unali wa mfumu, ndipo nyama inkagawidwa mudzi wonse. Mlenje anali munthu wolemekezeka, woyitanidwa mkango ukalusa. Boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali ku Livingstone komweku kuyambira 1911 mpaka 1935, ndilo linabwera ndi ziphaso ndi malire a nkhalango zoletsedwa. Ufulu utabwera mu 1964, mbendera inasintha, chiphaso chinatsala.

Alenje a ntchito ali ndi dandaulo lawolawo, ndipo ndi la ndale. Ntchito yawo imatsekedwa ndi kutsegulidwa malinga ndi amene wakhala pampando. Mu 2001 boma la a Frederick Chiluba linaimitsa usaki wa alendo. Mu Januwale 2013 nduna ya zokopa alendo, mayi Sylvia Masebo, analetsa kusaka mikango ndi anyalugwe, usaki m'malo ambiri a boma utaimitsidwa kale chifukwa cha nkhani za katangale pa kagawidwe ka malo osakira. Mu 2014 nduna yolowa m'malo mwawo, mayi Jean Kapata, anatsegulanso usaki, ndipo mu 2015 anachotsa chiletso cha anyalugwe ndi mikango. Mu 2022, boma latsopano la UPND litalowa, unduna unathetsa mapangano obwereketsa malo osakira omwe anakonzedwa m'nthawi ya boma lakale la PF. Mwina pena panali zifukwa zabwino. Koma nthawi iliyonse kampu ikatsekedwa, wolondola mapazi a nyama, wosenda zikopa, wophika ndi dalaivala amabwerera kumudzi chimanjamanja, ndipo tchire losiyidwa popanda olondera silichedwa kudzaza ndi waya.

Nanga ndalama za usaki zimapita kuti? Zambia ili ndi mapaki 20 ndi madera 36 ozungulira mapakiwo, otchedwa GMA, momwe anthu amakhala pamodzi ndi nyama ndipo usaki umaloledwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene ndondomeko ya ADMADE inayesedwa ku Lupande m'chigwa cha Luangwa, lonjezo lakhala loti eni dera azidya nawo. Pepala limati theka la ndalama zolipirira nyama lizibwerera kumudzi: magawo 45 pa 100 ku komiti ya anthu, CRB, ndi magawo 5 kwa mfumu. Ndi ndalama zimenezi makomiti amalipira olondera a m'midzi, amakumba zitsime, amafolera sukulu. Koma ZAWA itatha, ndalamazo zinayamba kudzera ku thumba lalikulu la boma, akaunti yotchedwa Control 99, ndipo kutuluka kwake kunakhala kwa apo ndi apo. Mu 2019 bungwe la makomitiwa linafika pofuna kuti usaki uime kufikira ngongole yawo italipidwa. Mnyamata wolondera amene wakhala miyezi osalandira, mfuti ili paphewa, nyama zili pamaso, tisadabwe akayamba kuganiza zina.

Ndale zina zimachokera kutsidya kwa nyanja. Mu Julaye 2015 dokotala wa mano wa ku America, Walter Palmer, anapha mkango wotchedwa Cecil m'malire a paki ya Hwange ku Zimbabwe, mtunda wa maola ochepa kuchokera pa mlatho wa Victoria Falls. Dziko lonse linatekeseka. Mu Malichi 2023 aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Britain anavomereza bilu yoletsa kulowetsa mitu ndi zikopa za nyama zosakidwa, koma inakafera ku nyumba ya Lords. Germany itayamba kulankhula zofananazo mu 2024, mtsogoleri wa Botswana panthawiyo, a Mokgweetsi Masisi, anati awatumizira njovu 20,000 kuti alawe kukhala nazo. Mu Meyi chaka chomwecho atsogoleri ndi nthumwi za maiko asanu a mgwirizano wa KAZA, omwe ndi Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, anakumana ku Livingstone, ndipo nkhani ya kuchuluka kwa njovu ndi minyanga yowunjikidwa m'nkhokwe za maboma inali pakamwa pawo.

Apa atsogoleri athu analankhula ngati alenje enieni, kuuza London ndi Berlin kuti asatilamulire nyama zathu ali kutali. Tikugwirizana nawo. Tikungowakumbutsa kuti mawu omwewo ndi amene munthu wa kwa Mukuni amauza Lusaka.

Chiwerengero cha m'ndege cha 2022 chinapeza njovu pafupifupi 227,900 m'dera lonse la KAZA. Zoposa theka zinali ku Botswana, ndipo mbali ya Zambia inali ndi zosakwana 4,000. Koma njovu sizidziwa pasipoti, ndipo Livingstone anamangidwa pa njira zawo zakale zopita kumtsinje. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinakankhira nyama kufupi ndi anthu. Namibia inalengeza zopha nyama 723, mwa izo njovu 83, kuti anthu adye, ndipo Zimbabwe inatchula njovu 200. Kwathu kuno lamulo limalola munthu kupha chilombo podziteteza, bola akanene msanga kwa a zanyama, ndipo mnyanga ndi chikopa zikhale za boma. Za chipukuta misozi cha munda wodyedwa kapena moyo wotayika, lamulo silinena kanthu. Anthu atsala ndi mipanda ya tsabola, makombola ndi kuguguda zitini usiku wonse. Abale a ku Lundazi ndi Lumezi, ngakhalenso a ku Kasungu, akuidziwa nkhaniyi kuyambira pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu mu 2022.

Kuchokera pamenepa alenje ena amati: tipatseni mfuti, tidziteteze tokha. Apa ndiye tikusiyana nawo. Njovu yolasidwa ndi mfuti yofooka pakati pa komboni, nyumba zili zothithikana, ana ali panjira ya kusukulu, ndi yoopsa kuposa yosalasidwa. Ndipo dziko lino linaona kale zimene mfuti zosalembedwa zimachita. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mfuti zankhondo zinasesa njovu za ku Luangwa, ndipo chipembere chakuda chinatheratu, mpaka kulengezedwa mu 1998 kuti m'Zambia mulibenso. Zomwe zili ku North Luangwa lero zinayamba kubwera pandege kuchokera ku South Africa mu 2003. Ku Livingstone konkuno, mu 2007, akuba analowa m'paki ya Mosi-oa-Tunya, ya makilomita 66 okha m'bwalo lake, n'kuwombera zipembere zoyera, china n'kufa. Mpaka lero zipembere za m'pakiyi zimadya udzu asilikali a mfuti ataziimirira usana ndi usiku. Amene anaona makada a zipani akuyenda ndi zikwanje ndi mabasitolo chisanafike chisankho cha 2021 sangapemphe kuti mfuti zichuluke m'makwalala. Chilango cha zaka zosachepera zisanu kwa wopezeka ndi mnyanga wa njovu chikhalepo ndithu.

Koma kukhwimitsa lamulo kokha sikunatulutsepo gogodera m'denga la udzu. Ku Eastern Province bungwe la COMACO, lomwe linayamba mu 2003 motsogozedwa ndi Dale Lewis, lakhala likulandira mfuti ndi makhwekhwe kuchokera kwa alenje akale, iwo n'kuphunzira ulimi wa mtedza, mpunga ndi njuchi, msika wa zokolola uli wotsimikizika. Anthu amene ankathawa akaona yunifolomu anapereka mfuti ndi manja awo atapeza china chodyera. Nawonso alimi oweta nyama zakutchire m'mafamu a ku Southern Province aonetsa kuti nyama ya nswala ingagulidwe m'butchala ndi lisiti, popanda kubisa m'thumba la makala.

Choncho tikupempha zinthu zotheka. Nambala ya nyama zoikidwira nzika chaka chilichonse, ndi maina a amene apatsidwa, zizimatidwa poyera pa ofesi ya DNPW ndi pa bwalo la mfumu, ndipo gawo lina lizisungidwira anthu a m'dera lomwelo pa mtengo umene mlimi angaufikire. Ndalama za ma CRB zizipita mwachindunji ku akaunti zawo, pa tsiku lodziwika, osayamba zazungulira ku Lusaka. Kutseka kapena kutsegula usaki kuzitsamira pa chiwerengero cha nyama chofalitsidwa kwa onse, osati pa kusintha kwa boma. Livingstone akhale ndi gulu la asilikali a zanyama la galimoto yake, mafuta ake ndi nambala ya foni yoyankhidwa usiku, ndipo alenje a ziphaso odziwa khalidwe la njovu alembedwe kuti azithandiza gululo pansi pa ulamuliro wa nthambi. Nyumba ya malamulo ikhazikitse thumba la chipukuta misozi, lotapa pa ndalama zomwezo za usaki ndi za pageti la mapaki.

Mu 2021 anthu a Livingstone Central anasankha a Rodney Sikumba kukhala phungu wawo, ndipo anapatsidwa unduna wa zokopa alendo, womwenso umayang'anira nyama zakutchire. Mzindawu sunganene kuti ulibe khomo logogoda. Aliyense wodzapempha voti ku Libuyu, ku Simonga kapena kwa Mukuni afunsidwe pagulu kuti pa zisanu tatchulazi adzayamba ndi chiti, mwezi uti, ndipo ndalama zake zidzachokera m'thumba liti. Yankho lake nyuzipepala ino idzalisindikiza momwe waliyankhira.