NGODYA YA LUSO: Musakakamize fuliwilo pa habu

M'kope lino tikambe za njinga zakale zomwe ambiri tinasiyiridwa ndi makolo ndipo tikufuna kuziukitsa kuti ziziperekeza ana ku madrasa. Chomwe chimaononga njinga zotere kawirikawiri ndi fuliwilo yomangidwa pa habu yosagwirizana nayo mazinga.

Poyang'ana ndi maso mazinga onse amaoneka ofanana, koma kale maiko ankasiyana miyezo. Muyezo wa ku Britain, womwe Raleigh ndi Humber ankatsata, ndi mamilimita pafupifupi 34.8 kukula kwake, mazinga 24 pa inchi. Wa ku Italy ndi mamilimita 35, mazinga 24 omwewo. Wa ku France, wopezeka pa njinga zakale za Peugeot, ndi mamilimita 34.7, ndipo mazinga ake ngothithikana, kupitirira 25 pa inchi.

Kusiyana kochepaku nkokwanira kupha habu. Fuliwilo ya Chifalansa pa habu ya Chingerezi imayamba kulowa kenaka nkulimba panjira. Ya Chingerezi pa habu ya Chifalansa imalowa mokhwepa, ndipo tsiku lina pamtunda, thumba la chimanga lili pakaliyala, imapulumuka nkumugwetsa wokwera. Ngati habu ndi ya aluminiyamu, chitsulo cha fuliwilo chimadya mazinga ake. Zikatero mpofunika habu ina ndi kuluka wilo yonse mwatsopano, masipoko 36 kapena 40.

Tsono tichite chotani? Titsuke mazinga onse ndi parafini, tipake girisi, kenaka tipotokole fuliwilo ndi dzanja lokha. Yoyenera imayenda mofewa mpaka kumapeto. Ikalimba itangozungulira kawiri kapena katatu, kapena ikamagwedera, tiichotse. Popita kokagula ina, tinyamule wilo yomweyo kuti tikayesere pamaso pa wogulitsa.

Kwa abale athu okonza njinga, njinga ya munthu ikakhala m'manja mwanu ndi amana. Kumenya fuliwilo yosayenera ndi hamala kuti mulandire msanga ndalama ndi chinyengo, ndipo chipembedzo chathu chimaletsa chinyengo pamalonda. Muuzeni mwini wake zoona kuti chitsulo choyenera palibe lero, adikire. Akhumudwa pang'ono, koma mawa adzabweranso kwa inu.

M'kope likudzali, Insha Allah, tidzakamba za kutalika kwa tcheni.