Ndalama za CDF zafika pakhomo pa sukulu: kodi ana a ku Madzimoyo angafunse za izo?

CHIPATA – Mwana wa sekondale ku Madzimoyo, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka, angathe kuchula pamtima nthambi zitatu za boma ndi nchito ya nthambi iliyonse. Koma atafunsidwa kuti ndani anagamula kuti mjigo ukumbidwe m'mudzi wakutiwakuti osati m'mudzi wa kwao, yankho lake silipezeka m'kope lake.

Phunziro la Civic Education, limene limanena za kayendetsedwe ka boma ndi ufulu wa nzika, linayamba kulowa m'magiredi a pamwamba a sekondale kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000. Kale phunziro la Civics linali kuthera mu giredi 9. Colinga cinali cakuti wacicepere pomaliza sukulu, pamene ali pafupi kukwanitsa zaka 18 zomuyenereza kuponya voti, adziwe mmene dziko lake liyendera. Komatu phunziro lililonse lokhala ndi mayeso kumapeto limatsata njira ya mayesowo: mphunzitsi alemba pa bolodi, ana akopera, naloweza.

Cimene casintha m'zaka zapitazi ndi malo amene ndalama zina za boma zimagawidwira. M'caka ca 2021 thumba la citukuko ca madera a aphungu, lochedwa CDF, linali kupereka K1.6 miliyoni ku dera lililonse. M'caka ca 2022 ndalamazo zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo m'caka ca 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lalikulu limapita ku nchito za citukuko monga zipinda zophunziriramo, madesiki, zipatala zazing'ono ndi mijigo. Zotsala zimathandiza magulu a amai ndi acinyamata, ndi kulipirira ana osauka ku sukulu zogonera komweko kapena ku maphunziro a nchito zamanja. Pempho la nchito limayambira m'mudzi, n'kupita ku komiti ya citukuko ya wadi, yokhazikitsidwa ndi lamulo la maboma aang'ono la 2019, mmene mumakhala khansala ndi woimira mfumu. Kucoka pamenepo limapita ku komiti ya CDF ya dera lonse. Ndiye kuti boma limene mwana anali kuliwerenga m'buku ngati cinthu ca ku Lusaka tsopano limakumana pa mtunda woti angafike ndi njinga.

Apa ndipo pali mwai wa nchito yeniyeni ya kalasi. Ana angawerenge madesiki a pa sukulu yao ndi kuyerekeza ndi ciwerengero ca ophunzira. Angapite pa cipinda cimene cimangidwa ndi ndalama za CDF, nalemba zimene zili pa cikwangwani: dzina la womanga, mtengo wake ndi tsiku lomalizira, kenaka n'kubwerako patapita miyezi itatu kukaona pamene khoma lafika. Angafunse komiti ya wadi kuti ana olipiriridwa sukulu amasankhidwa motani, ndi kuti atsikana ndi angati pakati pao. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma, limene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anasaina mu December 2023, limapereka maziko a kalata yotere. Ndipo nchitoyi si masewera, pakuti malipoti a mkulu wofufuza za kagwiritsidwe nchito ka ndalama za boma akhala akuonetsa kuti m'madera ena a dziko lino ndalama za CDF zinagona ku banki, ndipo nchito zina zinasiyidwa panjira.

Maiko ena anayamba kale. Ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, njira yochedwa Project Citizen imafuna kuti kalasi isankhe vuto limodzi la m'dera lao, ilifufuze, ipeze ofesi yoyenera kulithetsa, ndi kukanena maganizo ake pamaso pa akuluakulu. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya Zambia, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, nayonso imaika mtima pa zimene mwana atha kucita koposa zimene atha kuloweza.

Ophunzira za mbiri yakale ali ndi cuma cao pafupi. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula malo ao ku Madzimoyo mu 1903, patapita zaka zinai ciyambire ku Magwero. Abusa a Justo Mwale, mbadwa yoyamba ya dziko lino kudzozedwa ubusa mu mpingowo, anadzozedwa mu 1929, ndipo sukulu ya ubusa yochedwa ndi dzina lao, imene lero ili ku Lusaka, mizu yake ili ku Madzimoyo. Ku Mtenguleni kumacitika mwambo wa Nc'wala, umene unazilala Angoni atagonjetsedwa ndi asilikali a Britain mu 1898, caka cimene Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ndipo unadzutsidwanso mu 1980. Alipo agogo amene anaona ndi maso kudzutsidwa kwa mwambowo, ndipo ciwerengero cao cikucepa caka ndi caka. Kalasi imene ingatenge foni n'kujambula mau ao ingasunge zimene buku la sukulu lilibe.

Zopinga zilipo, ndipo si zazing'ono. Maphunziro aulere amene anayamba mu January 2022 anadzaza makalasi, kotero kuti ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 m'caka comweco, mphunzitsi wokhala ndi khamu la ana sangaone capafupi kutuluka nao kunja kwa mpanda. Cina ndi mantha. Mphunzitsi ndi wanchito wa boma, woletsedwa kulowa m'ndale za zipani, ndipo funso la ndalama za CDF licedwa pang'ono kumveka ngati mwala woponyera phungu kapena khansala. Pa mwambo wa kuno, mwana safunsa mkulu kuti ndalama anapita nazo kuti.

Koma mwambo womwewo uli ndi khomo lake. Mfumu Madzimawe ya Angoni yadziwika kwa zaka zambiri polimbana ndi maukwati a ana aang'ono, nkhani imene inalimbitsidwa ndi lamulo la 2023 loletsa ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa cimwambo. Kalasi yofuna kudziwa ngati atsikana amene anatenga pathupi amabwereradi ku sukulu, monga ilolera ndondomeko ya boma ya 1997, ingayambe ndi kukagwada kwa nyakwawa ndi kupempha cilolezo, ndipo zopeza zake zingaperekedwe popanda kuchula dzina la mtsikana aliyense. Cimodzimodzi kalata ya ku komiti ya wadi: ikadzera mwa mphunzitsi wamkulu, nifunsa za ciwerengero ndi masiku osati za munthu, n'kovuta kuicha ndale.

Mbali yotsala ili m'manja mwa makhonsolo ndi makomiti a mawadi. Ngati kalata ya ana a fomu 2 iyankhidwa, ngakhale ndi mizere iwiri yonena tsiku la msonkhano wotsatira, mphunzitsi adzalimba mtima kutumizanso ina caka camawa. Ikapanda kuyankhidwa, iye adzabwerera pa bolodi kukalembanso nthambi zitatu za boma, pakuti ndizo zimabwera pa mayeso.